MATENDA OUMITSA KHOSI OYAMBIRA M'MATUMBO

M'midzi yozungulira phiri la Nkhoma, ngakhalenso ya ku Nathenje ndi ku Mitundu, nkhani yake kawirikawiri imayamba mofanana. Mwana amene dzulo lake anali kusewera bwinobwino ndi anzake pabwalo amadzuka thupi likutentha. Pofika masana akudandaula mutu, phala walikana, ndipo kalikonse kamene wameza akusanza. Salola kutuluka panja chifukwa kuwala kwa dzuwa kukumulasa m'maso. Mayi ake akati amuweramitse mutu kuti amwe madzi, mwana amalira, khosi liri gwa.

Apa ndi pamene pabanja pamabuka maganizo osiyanasiyana. Bambo amati ndi malungo, ndipo amathamangira ku golosale kukagula mapiritsi. Agogo amakayikira dzanja la munthu, nanena kuti khosi la mwana siliuma popanda chifukwa. Ena amalangiza kuti ayambe aona m'mene kuchere. Dzuwa limalowa anthu ali m'kati mokambirana, mwana ali gone pamphasa.

Zizindikiro zimenezi ndi za matenda oumitsa khosi, amene pa Chingerezi amatchedwa meningitis. Matendawa ali mitundu ingapo. Mtundu wina umatha kupha munthu tsiku limodzi lisanathe. Mtundu winanso, woyamba ndi tizirombo totchedwa enterovirus, nthawi zambiri umatha wokha pakapita masiku 7 mpaka 10. Vuto ndi lakuti pa tsiku loyamba mitundu iwiriyi imafanana ngati mapasa, ndipo palibe kholo, sing'anga kapena wogulitsa mankhwala amene angaisiyanitse ndi maso. Chinanso chimene anthu ambiri sachidziwa n'chakuti mtundu wachiwiriwu, ngakhale umaonekera m'khosi ndi m'mutu, gwero lake ndi m'matumbo, ndipo ulendo wake wofikira munthu umayambira ku chimbudzi.

Chimachitika n'chiyani m'thupi?

Ubongo wa munthu pamodzi ndi mtsempha waukulu wodutsa m'kati mwa mafupa a msana zinakutidwa ndi timinofu topyapyala titatu, monga momwe chimanga chimakutidwira ndi makoko. Pakati pa timinofu timeneti pamayenda madzi oyera ngati a pakasupe, amene ntchito yake ndi kutchinjiriza ubongo kuti usagundike. Tizirombo tikalowa m'madzi amenewa, timinofu tija timatupa. Munthu akaweramitsa mutu, timinofu totupato timakokeka, choncho minofu ya khosi imakungika yokha pofuna kupewa ululu. Uku ndiko kuuma khosi kumene matendawa anatengerako dzina.

Tizirombo toyambitsa kutupaku tiri m'magulu osiyana. Gulu loyamba ndi la mabakiteriya, monga aja oyambitsanso chibayo. Ili ndilo gulu loopsa koposa. Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO limanena kuti mwa anthu 6 alionse odwala mtundu umenewu mmodzi amamwalira, ndipo mwa anthu 5 alionse mmodzi amatsala ndi vuto lalikulu monga kugontha, khunyu kapena kuvutika pa maphunziro. Kachirombo ka chifuwa chachikulu nakonso kamatha kufika ku ubongo, ndipo matenda ake amabwera pang'onopang'ono. Palinso kachirombo ka mtundu wa chuku kotchedwa cryptococcus, kamene kamagwira makamaka anthu amene chitetezo cha m'thupi mwawo chatsika chifukwa cha HIV.

Gulu lomaliza ndi la mavairasi, tizirombo tating'onoting'ono kwambiri kuposa mabakiteriya. Mavairasi a matsagwidi ndi a nsungu amatha kuumitsa khosi, koma m'maiko ambiri amene amapima odwala mwatsatanetsatane, a enterovirus ndiwo amapezeka kawirikawiri kuposa ena onse.

Banja la enterovirus

Dzina loti enterovirus linachokera ku mawu a Chigiriki otanthauza matumbo, chifukwa m'menemo ndi m'mene tizirombo timeneti timaswanirana. Banja lake ndi lalikulu, la mitundu yopitirira 100 yogwira anthu. Mtundu wina wotchedwa coxsackievirus unapezedwa m'chaka cha 1948 ndi Gilbert Dalldorf m'chimbudzi cha ana odwala a m'tauni ya Coxsackie ku America. Winanso wotchuka ndi echovirus. Koma mbale wawo amene Amalawi amamudziwa bwino ndi kachirombo ka poliyo, kaja kopuwalitsa miyendo ya ana. Nakonso ndi ka banja lomweli.

Anthu ambiri amene amatenga enterovirus sadwala nkomwe. Ena amangomva chimfine, kutentha thupi kwa masiku awiri kapena atatu, kapena kutsekula m'mimba pang'ono. Ena, makamaka ana, amatuluka tizilonda m'kamwa ndi timatuza m'manja ndi kumapazi. Mitundu ina imafiiritsa maso. Ndi mwa anthu ochepa okha m'mene tizirombo timachoka m'matumbo, n'kulowa m'magazi, n'kukafika pa timinofu tokuta ubongo.

Mfundo imeneyi ndi yofunika kuimvetsa, chifukwa imayankha funso limene limasautsa mabanja ambiri, lakuti bwanji mwana wawo yekha ndiye wauma khosi pamene anzake onse osewera nawo ali bwino. Zoona zake n'zakuti mwina anzakewo kachiromboko ali nako, koma matupi awo akagonjetsa kasanapite patali. Sipafunikira dzanja la munthu kuti izi zichitike, ndipo kulozana zala pamudzi kumangotayitsa nthawi imene wodwala akanakhala ali pa ulendo wa ku chipatala.

Tizirombo timeneti ndi tolimba. Sitifa ndi asidi wa m'mimba, ndipo timatha kukhala ndi moyo kwa masiku ambiri m'madzi ndi pa malo achinyezi. Ngakhale mankhwala a sipiriti opaka m'manja, amene anafala pa nthawi ya COVID-19, satipha mokwanira. Chimene chimatichotsa bwino ndi sopo ndi madzi othira.

Kuchokera ku chimbudzi kufika pakamwa

Munthu amene watenga enterovirus amatulutsa tizirombo m'chimbudzi chake kwa masabata angapo, ngakhale iye mwini akumva bwino. M'masiku oyambirira timapezekanso m'malovu ndi m'mamina, kotero kuti kutsokomola, kuyetsemula ndi kumwera kapu imodzi kumathanso kutifalitsa. Koma msewu waukulu ndi uja wa chimbudzi. Kuchokera pa tsiku limene munthu wameza tizirombo kufikira pamene ayamba kudwala, kawirikawiri pamapita masiku 3 mpaka 6.

Njira zake n'zosabisika m'mudzi. Mayi amasintha thewera la khanda, napukuta manja pa chitenje, nabwerera kukaomola nsima. Mwana wamng'ono amadzithandiza kuseri kwa nyumba, akuluakulu osachitapo kanthu poganiza kuti chimbudzi cha mwana chiribe vuto, chikhalirecho ana aang'ono ndiwo amatenga ndi kufalitsa tizirombo timeneti koposa. Nkhuku zimapalasa pomwepo. Ntchentche zimatera pomwepo, kenaka n'kukatera pa ndiwo. Mvula ikagwa, madzi amakokolola zonyansa za kuthengo ndi za m'zimbudzi zodzaza, n'kukazithira m'zitsime zosatetezedwa za m'madambo ndi m'mitsinje monga Linthipe ndi Diamphwe, m'mene anthu amachapa, kusamba ndi kutunga madzi. Pa tsiku la msika ku Mitundu, ku Nathenje kapena pa Kamphata, zitumbuwa, mandasi, mango ndi nzimbe zimadutsa m'manja ambiri zisanafike pakamwa pa mwana. Pa maliro ndi pa ukwati anthu ambirimbiri amasamba m'manja m'beseni limodzi, ndipo wotsiriza amasamba litsiro la anzake onse.

M'maiko ozizira matendawa amachuluka m'miyezi yotentha, koma m'maiko otentha ngati Malawi tizirombo take timayendayenda chaka chonse.

Phunziro la chaka cha 2022

Anthu a m'boma la Lilongwe anadzionera okha kutalika kwa ulendo umene kachirombo ka banja limeneli kangayende. Mu Novembala 2021 mwana wa zaka 3 ku Lilongwe anapuwala. Chimbudzi chake chinatumizidwa kukapimidwa ku South Africa ndi ku America, ndipo pa 17 Febuluwale 2022 Unduna wa Zaumoyo unalengeza kuti matenda a poliyo abuka m'dziko muno. Aka kanali koyamba kuti poliyo wa mtundu umenewu apezeke m'Malawi chichokere 1992, ndipo panali pasanathe zaka ziwiri kuchokera mu Ogasiti 2020 pamene chigawo cha Africa chinalengezedwa kuti chathana naye. Akatswiri atapenda kachiromboko anapeza kuti kanali kofanana ndi kamene kanali kuyendayenda m'chigawo cha Sindh ku Pakistan. M'chaka chomwecho cha 2022 ana ena 8 anapuwala m'chigawo cha Tete ku Mozambique.

Kodi kachirombo kangachoke bwanji ku Pakistan kudzafika ku Lilongwe? Kanayenda m'matumbo mwa anthu amene sanadziwe kuti ali nako. Mwa anthu 100 otenga kachirombo ka poliyo, oposa 70 saonetsa chizindikiro chirichonse. Mmodzi mpaka 5 amadwala matenda oumitsa khosi, ndipo pafupifupi mmodzi mwa 200 ndiye amapuwala. Choncho mwana mmodzi akapuwala, ndiye kuti kumbuyo kwake kuli anthu mazanamazana amene kachiromboko kadutsa m'matupi mwawo mwakachetechete.

Kuyambira mu Malichi 2022 alangizi a zaumoyo ndi anthu ongodzipereka anayenda khomo ndi khomo kudonthezera ana katemera, ndipo m'Malawi mokha ana ofunika kufikiridwa anali pafupifupi 2.9 miliyoni osapitirira zaka 5. Ntchitoyi inachitikanso ku Mozambique, Tanzania, Zambia ndi Zimbabwe, ndipo mu Meyi 2024 bungwe la WHO linalengeza kuti mliri umenewo watha. Poliyo anagonjetsedwa chifukwa ali ndi katemera. Abale ake opitirira 100 aja, kupatula mtundu umodzi umene katemera wake anapangidwa ku China, alibe katemera, ndipo amayenda pa msewu womwewo.

Pa msewu umenewu panadutsanso kolera amene anabuka mu Malichi 2022, nadwalitsa anthu oposa 58,000 ndi kupha oposa 1,700 m'dziko muno, mpaka sukulu za m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsekulidwa mu Januwale 2023. Mudzi umene unaphunzira kudziteteza ku kolera unaphunziranso, mwina mosadziwa, kudziteteza ku matenda oumitsa khosi a enterovirus.

Zizindikiro zake

Kwa ana okulirapo ndi akuluakulu, zizindikiro ndi kutentha thupi mwadzidzidzi, mutu waukulu umene susiya, kuuma khosi kotero kuti chibwano sichifika pachifuwa, kuopa kuwala, nseru ndi kusanza, kusafuna chakudya ndi kufooka.

Kwa makanda nkhani ndi yosiyana, chifukwa khanda likhoza kudwala kwambiri khosi lake osauma konse. Makolo ayenera kuchenjera khanda likakana kuyamwa, likamalira mosatonthozeka makamaka pamene lanyamulidwa, likamangogona osafuna kudzuka, thupi likatentha kapena likazizira modabwitsa, likamasanza chirichonse, kapena liwombo likatupa. Liwombo lotupa si lopaka mankhwala a zitsamba. Ndi chizindikiro chakuti m'mutu mwa mwana muli vuto lofuna dokotala.

Makanda osakwana mwezi umodzi ndiwo ali pa chiopsezo chachikulu, chifukwa mwa iwo enterovirus amatha kugwiranso mtima ndi chiwindi. Ngakhale m'maiko olemera izi zimachitika: ku France, pakati pa Julayi 2022 ndi Epulo 2023, makanda 9 obadwa kumene anadwala kwambiri ndi echovirus 11, ndipo 7 mwa iwo anamwalira. Choncho mawu akuti mtundu uwu umatha wokha sakhudza khanda. Khanda losakwana miyezi iwiri likatentha thupi liyenera kuonedwa ku chipatala tsiku lomwelo.

Pali zizindikiro zina zimene zikaoneka pa munthu wa msinkhu uliwonse sipafunika kudikira kuti kuche: kukomoka, kugwedezeka thupi ngati wakhunyu, kubwebweta kapena kusazindikira abale, kupuma movutika, timadontho tofiira moderapo pakhungu timene sitizimirira tikasindikizidwa, ndiponso kufooka kwadzidzidzi kwa mwendo kapena mkono.

Mwina ndi malungo?

Kuganizira malungo si kulakwa, chifukwa malungo aakulu amatenthetsa thupi, kupweteketsa mutu ndi kukomola mwana chimodzimodzi. Kulakwa kuli pa kugula mankhwala a malungo popanda kupimitsa magazi, n'kukhala pansi kudikira kuti agwire ntchito.

Ngakhale magazi ataonetsa malungo, si ndiye kuti nkhani yathera pamenepo. Pa chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth ku Blantyre, Dr Macpherson Mallewa ndi anzake anafufuza ana 513 amene anagonekedwa pakati pa 2002 ndi 2004 ndi zizindikiro za matenda a ku ubongo. Zotsatira zake, zimene zinasindikizidwa mu 2013, zinaonetsa kuti ana 133 anali ndi mavairasi, ndipo mitundu ya mavairasi yopezeka inali 12, kuphatikizapo a matsagwidi, a chiwewe ndi a enterovirus. Mwa ana 78 amene poyamba anaoneka ngati akudwala malungo a mu ubongo, 27 anapezekanso ndi mavairasi. Ngati madokotala a pa chipatala chachikulu amafunika kupima asanatsimikize, ndiye kuti kholo limene liri pakhonde la nyumba yake silingathe kudziwa mtundu wa matenda pongoyang'ana. Mwana amene akumwa mankhwala a malungo koma mutu ndi khosi sizikusintha ayenera kubwereranso ku chipatala msanga.

Madzi a pamsana

Wodwala akafika pa chipatala chaching'ono ngati cha Nathenje ndi zizindikiro zoopsa, a chipatala amapima malungo, amabaya jekeseni woyamba wolimbana ndi mabakiteriya, ndipo amamutumiza ku chipatala chachikulu. Kwa anthu a dera lino zipatala zodziwika ndi cha Nkhoma, chimene chakhala chikutumikira anthu kuyambira 1915, cha Mitundu, ndi cha Kamuzu Central mu mzinda wa Lilongwe. Kalata yotumizira wodwala si yopita nayo kunyumba kuti akaione amalume. Ndi ya ulendo wa tsiku lomwelo.

Njira yodziwira mtundu wa matenda oumitsa khosi ndi kupima madzi aja ozungulira ubongo, amene amatengedwa pamsana. Apa ndi pamene mabanja ambiri amabwerera m'mbuyo. Mbiri inawanda yakuti wotengedwa madzi a pamsana sachira, kapena amapuwala. Ena amathawitsa wodwala usiku akangomva kuti dokotala watchula za msana.

Umu ndi m'mene ntchitoyi imachitikira. Wodwala amagona chammbali atapinda mawondo, kapena amakhala pansi atawerama. Dokotala amatsuka khungu ndi mankhwala, nalowetsa singano yopyapyala kumunsi kwa msana, cha m'chiuno, pakati pa mafupa awiri. Malo amenewa anasankhidwa dala chifukwa mtsempha waukulu wa msana umathera pamwamba pake, kotero singano siufika. Madzi otengedwa ndi ochepa, okwana supuni ya tiyi imodzi kapena ziwiri. Thupi la munthu wamkulu limapanga madzi amenewa okwana pafupifupi theka la lita tsiku lirilonse, choncho otengedwawo amabwerera m'maola ochepa. Ena amamva mutu kwa tsiku limodzi kapena awiri pambuyo pake, umene umachepa akagona pansi. Ngati wodwala wakomoka kwambiri kapena pali chifukwa china choopsa, dokotala amayamba wapereka mankhwala, n'kudzatenga madziwo pambuyo.

Madzi amenewa amaulula zambiri. Akakhala otuwa, okhala ndi asilikali ambiri a m'magazi ndi shuga wochepa, amaloza ku mabakiteriya. Akakhala oyera, shuga wake ali bwino, amaloza ku mavairasi. M'madzi omwewo ndi m'mene amapimanso cryptococcus ndi chifuwa chachikulu, matenda amene alionse ali ndi mankhwala akeake. Kutchula dzina lenileni la vairasi kumafuna makina a PCR opezeka m'malabotale akuluakulu, koma chimene dokotala amafuna kudziwa msanga n'chakuti kodi ndi mtundu wakupha msanga uja kapena ayi.

Nanga mbiri yoipa ija inachokera kuti? Kawirikawiri wodwala amafika ku chipatala patapita masiku angapo, atayamba wamwa mapiritsi a ku golosale, watemeredwa mphini pakhosi, ndipo matenda afika kale pachimake. Dokotala amatenga madzi a pamsana, wodwala n'kumwalira usiku womwewo, ndipo abale amakumbukira singano ija, naiwala masiku aja anatayika kumudzi. Chimene chinapha ndi kuchedwa. Mapanga awiri avumbwitsa: woyamba kwina n'kumadzafika ku chipatala pomalizira amapereka kwa dokotala ntchito imene nthawi yake yatha kale.

Chithandizo ndi kuchira

Mankhwala opha mabakiteriya, monga penisilini, amoxicillin ndi bactrim, sagwira ntchito pa mavairasi, ndipo palibe mankhwala apadera ophera enterovirus. Komabe dokotala amayamba ndi jekeseni wa mabakiteriya podikira zotsatira, chifukwa kudikira popanda mankhwala kungataye moyo ngati matendawo ali a mtundu woopsa. Zotsatira zikaonetsa kuti ndi vairasi, jekeseni amatha kuimitsidwa ndipo wodwala amatulutsidwa akayamba kupeza bwino. Abale asaone ngati awanyalanyaza. Imeneyi ndi nkhani yabwino.

Kunyumba wodwala apumule m'chipinda chopanda phokoso ndi kuwala kwambiri. Amwe madzi otetezedwa pafupipafupi, ndipo ngati akusanza kapena kutsekula m'mimba apatsidwe Thanzi ORS. Panado amachepetsa mutu ndi kutentha thupi akamwedwa pa muyeso umene a chipatala anena. Ana asapatsidwe asipirini. Khanda lipitirize kuyamwa. Ambiri amachira kotheratu m'masiku 7 mpaka 10, ngakhale ena amamvabe mutu ndi kutopa kwa masabata angapo. Kutentha thupi kukabwereranso, kapena wodwala akayamba kusokonezeka, abwerere ku chipatala. Mwana amene wadwala matenda oumitsa khosi a mtundu uliwonse ndi bwino kumuyang'anira ngati akumva bwino akaitanidwa.

Osamalira wodwala akumbukire kuti tizirombo timapitiriza kutuluka m'chimbudzi chake kwa masabata angapo atachira. Komabe palibe chifukwa chomusala. Amene atenge kachiromboko kwa iye, ambiri sadzauma khosi. Chofunika ndi ukhondo.

Kutseka msewu

Popeza katemera palibe, chitetezo chiri m'manja mwa banja ndi mudzi.

1. Banja lirilonse likhale ndi chimbudzi chokhala ndi chivindikiro pa dzenje, chokumbidwa kumunsi kwa chitsime ndiponso pa mtunda wosachepera mamita 30. Chimbudzi chogwa ndi mvula chikonzedwe msanga.

2. Chimbudzi cha mwana chiwoledwe nthawi yomweyo ndi kutayidwa m'dzenje la chimbudzi. Madzi ochapira matewera atayidwe momwemo, osati pabwalo kapena pafupi ndi mjigo.

3. Pakhomo pa chimbudzi pakhale mpondagiya ndi sopo, kapena phulusa ngati sopo palibe. Nthawi zosamba m'manja ndi izi: pochokera ku chimbudzi, mutatha kusintha thewera, musanakonze chakudya, musanadye, ndi musanadyetse kapena kuyamwitsa mwana.

4. Posamba m'manja anthu azithirirana madzi. Mafumu ndi akuluakulu a mipingo angathandize kuti mwambo wa beseni limodzi utheretu pa maliro, pa maukwati ndi pa misonkhano.

5. Madzi akumwa awiritsidwe, kapena athiridwe WaterGuard kapena klorini ndi kudikira mphindi 30. Asungidwe m'chiwiya chovindikira, ndipo kapu yotungira isakhale yomwera.

6. Zipatso zitsukidwe ndi madzi otetezedwa, chakudya chivindikiridwe ndi kudyedwa chikadali chotentha, mbale ziumire pa thandala.

7. Khanda litetezedwe mwapadera. Mwambo wa chikuta, woletsa anthu ambiri kuona ndi kunyamula mwana wobadwa kumene, uli ndi nzeru imene a zaumoyo amagwirizana nayo. Aliyense wofuna kunyamula khanda asambe m'manja, ndipo wa chimfine, wotsekula m'mimba kapena wa tizilonda m'kamwa adikire kaye. Mayi wapakati akatentha thupi masiku ake atayandikira auze anamwino. Kuyamwitsa mwakathithi kwa miyezi 6 kumapatsa mwana chitetezo chochokera kwa mayi ake.

8. Mwana amalize katemera yense wa ku sikelo. Katemera wa BCG amateteza ku chifuwa chachikulu chofika ku ubongo. Katemera wa matenda asanu, amene anayamba mu 2002, ndi wa chibayo, amene anayamba mu Novembala 2011, amateteza ku mabakiteriya awiri oumitsa khosi, ndipo kuyambira pamene anayamba kuperekedwa matenda a mitundu imeneyi anachepa pakati pa ana. Katemera wa poliyo amaperekedwa wodontheza m'kamwa, ndipo kuyambira 2018 palinso wobaya. Masiku olembedwa m'buku la sikelo asaphonyedwe.

9. Mwana aliyense wosakwana zaka 15 amene wafooka mwendo kapena mkono mwadzidzidzi akaonetsedwe ku chipatala, ndipo mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo adziwitsidwe, kuti chimbudzi chake chikapimidwe ngati muli poliyo.

Mutu umodzi susenza denga. Banja limodzi lopanda chimbudzi likhoza kuipitsa chitsime cha mudzi wonse, n'chifukwa chake makomiti a zaumoyo a m'midzi, mafumu, aphunzitsi ndi oyang'anira misika ayenera kugwirana manja ndi alangizi a zaumoyo poyendera zimbudzi, mijigo ndi malo ogulitsira zakudya.

Banja lija losiyidwa likukambirana dzuwa likulowa liri ndi mwayi waukulu wakuti mwana wawo wadwala mtundu wotha wokha, ndipo pakatha sabata adzakhala akuthamanganso pabwalo. Koma liribe njira yodziwira zimenezi liri kunyumba, ndipo ngati uli mtundu winawo, usiku umodzi ndi wokwanira kuwalanda mwana. Kaya ndi pa njinga, pa kabaza kapena pa ngolo, munthu wotentha thupi, wa mutu waukulu ndi khosi louma anyamulidwe tsiku lomwelo, ndipo dokotala akapempha kutenga madzi a pamsana, abale avomere.